Eyam, Mudzi Umene Unadzitsekera Pamodzi ndi Mliri

Munthu akafika ku England kuchokera kwathu, maso ake amathamangira ku London, ku nyumba za mafumu ndi ku milatho ikuluikulu imene anaiona kale pa zithunzi, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo. Koma mbiri ya dziko lino imene inandigwira mtima kwambiri ndinakaipeza m'mudzi wa Eyam, m'chigawo cha Derbyshire, mudzi wa anthu pafupifupi 1,000 umene uli pakati pa mapiri a Peak District, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Sheffield. Mudziwu umadziwika ndi chinthu chimodzi chachikulu. Mliri wa makoswe utalowa pakati pawo mu 1665, n'kukula kwambiri m'chaka chotsatira, anthu ake anagwirizana kuti pasapezeke wotuluka m'mudzimo, kuopa kupatsira matendawo anansi awo a m'midzi ndi m'matauni oyandikana nawo. Pamene mliriwo unkatha, patapita miyezi 14, anthu pafupifupi 260 anali atamwalira. Ndikulemba za malo amene munthu amaona akapita kumeneko, komanso za nyumba yaikulu ya Chatsworth imene ili pafupi, chifukwa ndimakhulupirira kuti malo awiriwa amamveka bwino akaonedwa pa ulendo umodzi.

Basi yochokera ku Sheffield imayamba yakwera zitunda zopanda mitengo, zokutidwa ndi tchire lalifupi limene limachita maluwa apepo m'mwezi wa Ogasiti, kenako imatsetsereka m'chigwa cha mtsinje wa Derwent, n'kudutsa Grindleford ndi Calver, isanakwerenso kulowera ku Eyam. Minda yonse ya m'derali inagawidwa ndi mipanda ya miyala yongosanjikiza popanda simenti kapena dothi, ndipo m'kati mwa mipandayo mumadya nkhosa. Peak District ndi malo oyamba ku Britain kukhazikitsidwa kukhala paki yotetezedwa ndi boma, mu 1951, ndiye chifukwa chake midzi yake siinasinthe maonekedwe ngati mmene zachitikira kumadera ena. Eyam ndi mudzi wautali koma wopapatiza, wandandalika m'mbali mwa msewu umodzi waukulu m'tsinde mwa chitunda, ndipo nyumba zake zambiri ndi za miyala yotuwa. Ndi mudzi wamoyo ndithu: muli sukulu, sitolo, malo omwerapo tiyi, ndipo nyumba zimene alendo amaima n'kumazijambula zili ndi eni ake amene amagonamo usiku uliwonse.

Mudziwu ndi wakale kuposa tsoka limene unatchuka nalo, ndipo ndi bwino kuyamba ndi mfundo imeneyi. Unalembedwa kale mu kaundula wa malo ndi chuma amene mfumu William inalamula kuti alembedwe mu 1086, wotchedwa Domesday Book. Pabwalo la tchalitchi pali mtanda wa mwala wosemedwa m'zaka za m'ma 700 kapena 800, nthawi ya Anglo-Saxon, umene uli ndi zithunzi za angelo ndi zokongoletsa zolukanalukana, ndipo ngakhale kuti chidutswa china cha thunthu lake chinasowa, mutu wake ulipobe. M'mbali mwa msewu muli zomwera za miyala zimene zinali mbali ya njira yobweretsera madzi a kasupe m'mudzi, yokonzedwa mu 1588. Anthu a kuno ankalima, kuweta nkhosa ndi kukumba mtovu m'migodi ya m'mapiri ozungulira. Anali anthu wamba ogwira ntchito ndi manja, odalira misika ya m'matauni oyandikana nawo pogulitsa ndi pogula, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika poganizira kulemera kwa chimene anadzavomera pambuyo pake.

Pafupi ndi tchalitchi pali mzere wa tinyumba ta miyala tokhala ndi timinda ta maluwa kumaso kwake, ndipo m'timindamo muli zikwangwani zobiriwira zolembedwa mayina. Apa ndi pamene mliri unayambira. M'chaka cha 1665 mzinda wa London unali pa moto wa matendawa, amene akuti anapha anthu pafupifupi 100,000 kumeneko. Mtolo wa nsalu wochokera ku London unafika kunyumba ya telala wa m'mudzimo, Alexander Hadfield, ndipo womuthandiza pa ntchito, George Viccars, ataumasula n'kuona kuti nsaluzo ndi zachinyezi, anaziyanika pafupi ndi moto. Patangopita masiku ochepa anadwala, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 Seputembala 1665. Pa 22 mwezi womwewo anamwalira mwana wa m'nyumba yomweyo, Edward Cooper, wa zaka zinayi. Chikwangwani cha panyumbapo chimanena kuti mayi wa m'nyumbamo, Mary, anapulumuka koma anataya abale 13. Chikwangwani cha nyumba yoyandikana nayo chimanena za banja la Thorpe, la anthu asanu ndi anayi, ndipo onsewo anamwalira. Ndinaima nthawi yaitali pa zikwangwani zimenezi, chifukwa chiwerengero cha 260 ndi chinthu chimene mutu umangochilandira n'kupitirira, koma dzina la mwana, zaka zake ndi tsiku limene anamwalira, zolembedwa pakhomo pamene ankatulukira posewera, sizilola kuti munthu apitirire mofulumira choncho.

Anthu a nthawi imeneyo sankadziwa chimene chinkawapha. Ena ankati ndi mpweya woipa, ena ankati ndi chilango cha Mulungu, ndipo mankhwala awo anali zitsamba, utsi ndi pemphero. Kachilombo koyambitsa matendawa, ka mtundu wa bakiteriya, kanadzapezeka mu 1894 ku Hong Kong ndi dokotala wina dzina lake Alexandre Yersin, ndipo dzina la kachilomboka lakuti Yersinia pestis linachokera kwa iyeyo. Kamafalikira kudzera mu nthata zimene zaluma khoswe kapena munthu wodwala, ndipo kakalowa m'mapapo kamatha kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake kudzera m'chifuwa. Wodwala amatentha thupi kwambiri, amatupa anabere m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche, ndipo popanda mankhwala ambiri amamwalira pasanathe sabata. Lero matendawa amachizika ndi mankhwala opha mabakiteriya ngati munthu wafika kuchipatala msanga, koma sanatheretu padziko lapansi: amabuka kawirikawiri ku Madagascar ndi ku Democratic Republic of Congo, ndipo kwathu anaonekapo m'boma la Nsanje mu 2002. Ku Eyam, imfa zinachepa m'nyengo yozizira, moti pofika mwezi wa Meyi 1666 anthu anayamba kuganiza kuti zatha. Kutayamba kutentha mu Juni, mliri unabwerera mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo mabanja anayamba kumanga katundu kuti athawe.

Apa ndi pamene pamalowa anthu awiri amene sankayenera kugwirizana pa chilichonse. William Mompesson anali wansembe wa mpingo wa Church of England, mnyamata wosakwana zaka 30, amene anafika m'mudzimo mu 1664 ndipo anthu anali asanamuzolowere. Thomas Stanley anali m'busa wakale wa pamalopo, wa gulu la Puritan, la Akhristu ofuna kusintha miyambo ya mpingowo, amene anachotsedwa pa udindo ufumu utabwezeretsedwa mu 1660, ndipo sanavomereze lamulo la 1662 lokakamiza atsogoleri onse a mpingo kutsatira buku limodzi la mapemphero. Dziko linali litangotuluka kumene m'nkhondo yapachiweniweni imene nkhani za chipembedzo zinali pakati pake, choncho kusiyana kwa amuna awiriwa sikunali kwa masewera. Mompesson anali ndi udindo, koma Stanley ndi amene anthu ambiri ankamukhulupirira. Anakhala pansi pamodzi, ndipo mu Juni 1666 anaika pamaso pa mudzi mfundo zitatu: kuti banja lililonse liziika lokha maliro ake pafupi ndi nyumba yake, kuti tchalitchi chitsekedwe ndipo mapemphero azichitikira panja, ndiponso kuti pakhale malire ozungulira mudzi amene munthu aliyense sayenera kuwoloka, potuluka kapena polowa. Anthu anavomera. Ndimaona kuti Stanley sapatsidwa ulemu womuyenera pa nkhaniyi, chifukwa munthu amene walandidwa ntchito ndi nyumba akanatha kungokhala chete n'kumaonerera wolowa m'malo mwake akulephera, koma iye anapereka mawu ake ndi chikoka chake kuti mfundozo zimveke.

Malo amene ankapempherera alipobe, kumwera kwa mudzi, ndipo amatchedwa Cucklett Delf. Ndi kachigwa ka udzu kozunguliridwa ndi mitengo, ndipo pamwamba pake pali thanthwe lokhala ndi mapanga obooka mbali zonse, pamene wansembe ankaima polalikira. Mabanja ankaima motalikirana pa mtsetse wa udzuwo, aliyense ndi a m'nyumba mwake. Anthu a m'mudzimo amasimbanso za mtsikana wina, Emmott Sydall, ndi bwenzi lake la m'mudzi woyandikana nawo wa Stoney Middleton, Rowland Torre, amene ankabwera kudzaonana chapatali m'chigwachi osayandikirana, mpaka tsiku limene mtsikanayo sanabwerenso. Dzina la Emmott lilidi mu kaundula wa omwalira, m'mwezi wa Epulo 1666, ngakhale kuti zambiri za chikondi chawocho zinafika kwa ife kudzera m'kusimbirana kwa pakamwa.

Mudzi wodzitsekera uyenera kudya, ndipo yankho la funso limeneli limapezeka poyenda wapansi kulowera kum'mwera chakum'mawa. Kanjira kotchedwa Lydgate kamadutsa pa manda awiri a m'mbali mwa nyumba, a George Darby ndi mwana wake wamkazi Mary, kenako kamatulukira m'minda ya nkhosa yoyang'ana ku Stoney Middleton. Pakati pa munda pali mwala waukulu wosasemedwa, wokhala ndi timabowo tisanu ndi kamodzi pamwamba pake. Uwu ndi mwala wa malire. Anthu a kunja ankasiya chakudya ndi zofunika zina pafupi ndi mwalawu n'kubwerera, ndipo a ku Eyam ankabwera pambuyo pake kudzatenga, n'kusiya ndalama zachitsulo m'timabowomo mothiridwa viniga, pokhulupirira kuti vinigayo apha matenda. Kumpoto kwa mudzi kuli chitsime chimene tsopano chimatchedwa ndi dzina la Mompesson, chimene chinkagwira ntchito yofananayo, ndalama zikutsukidwa ndi madzi oyenda. Chakudya china chinkatumizidwa ndi Earl wa Devonshire, mwini malo wolemera amene ankakhala ku Chatsworth. Alendo a masiku ano amasiyabe timakobili m'timabowo tija. Chimene chinandikhudza pamalopa ndi kuona kufupika kwa mtunda: ukaima pa mwalawo, madenga a Stoney Middleton amakhala pansi pako pomwepo, ndipo panalibe mpanda, msilikali kapena mfuti zoletsa munthu kutsetsereka usiku n'kupita. Chimene chinkawagwira chinali lonjezo limene anapangana okhaokha.

Malo olemera koposa onse ali kum'mawa, kupitirira nyumba zomaliza za mudzi, ndipo amatchedwa Riley Graves. Msewu umakwera pang'onopang'ono pakati pa mitengo mpaka kufika pa munda wotsetsereka, ndipo pakati pa mundawo pali kampanda ka miyala kozungulira miyala isanu ndi umodzi ya pamanda ndi manda amodzi omangidwa. Awa ndi a banja la Hancock. Pakati pa 3 ndi 10 Ogasiti 1666, mayi wina dzina lake Elizabeth Hancock anaika m'manda mwamuna wake ndi ana ake asanu ndi mmodzi, m'masiku asanu ndi atatu okha. Malinga ndi pangano la mudzi, anayenera kukumba yekha, kukoka mitembo yekha kuchoka m'nyumba kufika kumunda, ndi kukwirira yekha. Amanena kuti anthu a ku Stoney Middleton ankamuona ali patsidya pa chitunda, koma sakanatha kuyandikira.

Kwa munthu wokulira kwathu, palibe mbali ina ya nkhaniyi yopweteka kuposa imeneyi. Ife timati maliro n'kulirana. Uthenga ukamveka, mudzi wonse umasiya makasu, amayi amadzaza m'siwa n'kugona pomwepo, abambo amakoleza moto panja, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo woferedwa saloledwa ngakhale kutunga madzi kapena kusonkha moto. Ntchito yake ndi kulira basi, chifukwa ena onse anyamula zotsalazo. Mayi uyu analandidwa zonsezo kasanu ndi kawiri m'masiku asanu ndi atatu. Panalibe womugwira dzanja, panalibe womuimbira nyimbo, ndipo mwina pokumba dzenje la mwana mmodzi ankamva kubuula kwa wina m'nyumba. Pamene anthu amayamikira kulimba mtima kwa mudzi wa Eyam, ine ndimaganiza za mayi ameneyu poyamba, chifukwa mfundo imene inagwirizanidwa pa msonkhano inadzagwera pa msana pake monga ntchito ya manja. Iye sanadwale. Pambuyo pake anachoka n'kukakhala ku Sheffield ndi mwana wake wina wamwamuna amene sanali m'mudzimo pa nthawi ya mliri. M'mabanja amene munalibe wotsala woti n'kukumba, ntchitoyo inkagwiridwa ndi Marshall Howe, wokumba mtovu amene anadwala n'kuchira, koma naye mkazi wake ndi mwana wake anamwalira m'mwezi womwewo wa Ogasiti.

Pobwerera m'mudzi, tchalitchi cha St Lawrence chimasonkhanitsa zonsezi pamodzi. M'kati mwake muli buku lolembedwa mayina a onse amene anamwalira, mwezi ndi mwezi, ndipo munthu akamatsatira mndandandawo amaona mayina a mabanja akubwerezedwa kambirimbiri mpaka kusiya kuonekanso. Muli zenera la magalasi amitundumitundu, loikidwa m'zaka za m'ma 1980, losonyeza Viccars ndi nsalu zake, mapemphero a ku Cucklett Delf ndi Emmott ndi bwenzi lake. Panja, pafupi ndi mtanda wakale uja, pali manda a Catherine Mompesson, mkazi wa wansembe. Ana awo awiri anatumizidwa kunja kwa mudzi malire asanatsekedwe, koma iye anakana kusiya mwamuna wake, ndipo ankayendera odwala pamodzi naye mpaka anamwalira chakumapeto kwa Ogasiti 1666, ali ndi zaka 27. Womaliza kumwalira ndi mliriwu anali Abraham Morten, pa 1 Novembala 1666. M'kalata imene Mompesson analembera malume ake mwezi womwewo, anayerekeza mudziwo ndi Gologota, malo a bade, ndipo ananena kuti mliri unalowa m'mabanja 76. Otsalawo anatentha zovala ndi zofunda zawo, ndipo wansembeyo anatentha zake zambiri kuti ena atengerepo chitsanzo. Patapita zaka zochepa anasamukira ku Eakring, m'chigawo cha Nottinghamshire, kumene akuti anthu poyamba ankaopa kumuyandikira.

Pali mafunso amene mlendo woona mtima ayenera kuwanyamula poyenda m'mudzimu, ndipo sindikuona kuti kuwafunsa n'kunyoza akufa. Mbali yaikulu ya nkhaniyi, monga mmene imasimbidwira lero, inalembedwa ndi William Wood, mbadwa ya m'mudzimo, m'buku limene linatuluka mu 1842, patapita zaka zoposa 170 chichitikireni zinthuzo, ndipo iye anadalira kwambiri zokamba za akuluakulu. Olemba mbiri amasiyana pa chiwerengero cha anthu amene ankakhala m'mudzimo: Wood ananena za anthu pafupifupi 350, pamene ofufuza a pambuyo pake amati anali pakati pa 700 ndi 800. Mabanja ena opeza bwino anachoka msanga malire asanaikidwe, chifukwa anali ndi nyumba zina kapena abale otha kuwalandira. Wokumba mtovu kapena mlimi wa nkhosa zochepa analibe kothawira, ndipo midzi yoyandikana nayo sikanamulandira munthu wochokera ku Eyam. Ena amanenanso kuti kutsekerana pamodzi kunachititsa kuti imfa zichuluke m'mudzimo kuposa mmene zikanakhalira anthu akanabalalika m'mapiri. Zonsezi ndimazilandira. Komabe n'zoona kuti mliriwo sunafalikire m'midzi yozungulira, n'zoona kuti anthuwo anasunga malire awo m'miyezi imene imfa zinkachitika tsiku ndi tsiku, ndipo kudziwa kuti ambiri mwa iwo anali osauka opanda njira ina kumangondichititsa kuwalemekeza kwambiri, chifukwa mtengo wa chitetezo cha dera lonse unalipiridwa ndi amene anali ndi zochepa.

Mudziwu unadzukanso. Moyang'anana ndi bwalo la pakati pa mudzi pali Eyam Hall, nyumba yaikulu ya banja la Wright, imene inamangidwa cha mu 1672, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi mliri utatha, ndipo pabwalopo pali matangadza a matabwa amene ankamangiramo miyendo ya olakwa. Chakumtunda kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene padenga pake pali chizindikiro choonetsa kolowera mphepo chopangidwa ngati khoswe, ndipo m'kati mwake amafotokoza za mliri komanso za migodi, ulusi wa silika ndi nsapato zimene mudziwu unadzapanga m'zaka zotsatira. Lamlungu lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse anthu amayenda pa mdipiti kuchoka kutchalitchi kupita ku Cucklett Delf kukachita mapemphero a chikumbutso, ndipo pamanda a Catherine pamaikidwa maluwa ofiira. Sabata yomweyo amakongoletsa zitsime, mwambo wa m'midzi ya Derbyshire umene anthu amamata dongo lonyowa pa matabwa n'kupanga zithunzi zikuluzikulu pomatapo timasamba ta maluwa, njere ndi ndere, kamodzikamodzi, pothokoza chifukwa cha madzi.

Kuchoka ku Eyam kupita ku Chatsworth ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 10, kutsatira mtsinje wa Derwent, koma kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Malowa anagulidwa mu 1549 ndi Sir William Cavendish ndi mkazi wake, wodziwika kuti Bess of Hardwick, ndipo anayamba kumanga nyumba yoyamba mu 1552. Mary, mfumukazi ya ku Scotland, anasungidwamo monga mkaidi nthawi zingapo m'zaka za m'ma 1570. Nyumba imeneyo ndi imene munkakhala Earl amene ankatumiza chakudya ku Eyam. Imene tikuona lero inamangidwa ndi mwana wake kuyambira mu 1687, ndipo iyeyo anakwezedwa kukhala Duke woyamba wa Devonshire mu 1694. Ndi nyumba ya zipinda zambirimbiri, ya madenga ojambulidwa zithunzi, ya ziboliboli za mwala woyera ndi mafelemu a mazenera opakidwa golide, yozunguliridwa ndi paki yaikulu imene katswiri wokonza minda, Lancelot Brown, anaikonza m'zaka za m'ma 1760 kuti izioneka ngati inangodzimerera yokha. Mkulu woyang'anira minda kuyambira mu 1826 anali Joseph Paxton, amene anapanga kasupe wotchedwa Emperor Fountain mu 1844, woponya madzi m'mwamba popanda makina, pongodalira mphamvu ya madzi otsika kuchokera m'dziwe la pamwamba pa phiri. Paxton yemweyu, m'zaka za m'ma 1830, analima m'nyumba zagalasi za pamalopa mtundu wa nthochi umene unapatsidwa dzina la banjali, Cavendish, ndipo lero nthochi zambiri zogulitsidwa pakati pa mayiko ndi za mtundu umenewu.

Chatsworth ndi yokongola, ndipo sindingauze munthu kuti asapiteko. Koma nditachoka kumene pa manda a banja la Hancock, ndinkayenda m'zipinda zimenezo ndi funso la chakudya chija m'mutu. Thandizo la Earl linali lenileni, ndipo popanda ilo mudzi ukanakakamizika ndi njala kuswa malire ake. Ndi zoonanso kuti mudzi wotsekedwa unkateteza nyumba yake, antchito ake ndi minda yake, moti chifundo ndi kudziteteza zinayendera limodzi, iye akupereka mkate, iwo akupereka ana awo. Pakhomo penipeni pa pakiyo pali mudzi wina, Edensor, umene umaonetsa mphamvu za banjali m'njira ina. Pakati pa 1838 ndi 1842, Duke wachisanu ndi chimodzi, mothandizidwa ndi Paxton, anagwetsa mbali yaikulu ya mudzi wakale n'kuumanganso pamalo osaoneka kuchokera ku nyumba yaikulu. Nyumba zatsopanozo zinali zabwino, iliyonse ya kamangidwe kakekake, ndipo alendo amazikonda kwambiri, koma anthu ake anasamutsidwa chifukwa cha maso a munthu mmodzi. Paxton anaikidwa m'manda a tchalitchi cha m'mudzi womwewo, pamodzi ndi ambiri a banja la Cavendish.

Tauni ya Bakewell ili pafupi, ndipo ndi malo abwino opumirapo ndi kudya. Ili ndi mlatho wa miyala wa zipata zisanu pa mtsinje wa Wye, womangidwa cha m'ma 1300 ndipo magalimoto akudutsapobe, tchalitchi cha All Saints chokhala ndi mitanda ya nthawi ya Anglo-Saxon ngati wa ku Eyam uja, ndi msika wa Lolemba lililonse. 

Amene akufuna kupita ayambire ku Eyam m'mawa ndipo apatule maola okwanira, chifukwa mwala wa malire, manda a Riley ndi chitsime cha Mompesson zili mbali zosiyana za mudzi, ndipo zonsezo zimafuna kuyenda wapansi m'tinjira ta m'minda timene timaterera mvula ikagwa. Nsapato zolimba ndi jekete la mvula n'zofunika ngakhale m'nyengo yotentha. Mabasi a m'derali sabwera pafupipafupi, makamaka Lamlungu ndi madzulo, choncho ndi bwino kuona nthawi yake musananyamuke. Kulowa m'nyumba ndi m'minda ya Chatsworth n'kolipira, koma kuyenda m'paki yake ndi kukafika ku Edensor n'kwaulere. Powerenga zikwangwani za pa tinyumba ta mliri, imani mumsewu osalowa m'mipanda, ndipo mukatsegula geti la m'munda wa nkhosa popita ku mwala wa malire, mulitsekenso mukadutsa.